Kalata Yopita kwa Buku Losainira la pa Geti

Kwa inu a Buku Losainira,

Pepani kuti ndakulemberani osadzera kwa mlonda amene amakusungani. Ndikudziwa kuti mwambo wake ndi woti ife tibwere kwa inu, tiwerame, tilembe dzina ndi nthawi, tisaine, tidutse. Simutifunsa kuti tadzuka bwanji, ndipo nafenso sitinayambe takufunsani. Koma poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiloleni lero ndilembe mawu oposa amene angakwane m'kadanga kamene munandigawira.

Ndiyambe n'kukuyamikirani, kuopa kuti mungayese ndabwera ndi ndewu. Inu simunama. Mukati uje anafika 7:50, ndiye kuti anafikadi 7:50, kaya ndi mesenjala kaya ndi mlamu wawo wa abwana. Pakanapanda inu, bwenzi ena akulowa ntchito dzuwa lili paliwombo n'kumalandira chimodzimodzi ndi amene analawirira. Komanso pakabuka mkangano wa ovataimu, kapena munthu akachotsedwa ntchito pomunamizira kuti amajomba, masamba anu omwewa ndi amene amakamuikira umboni ku ofesi ya leba kapena ku khoti la milandu ya ntchito. Choncho sindikupempha kuti akutayeni ayi.

Dandaulo langa lili pa mzere wofiira uja. 7:30 ikangokwana, rula imagona pa tsamba lanu, cholembera chofiira n'kudutsa, ndipo aliyense wosaina m'munsi mwake wachedwa, nkhani yatha. M'munsimo mumakumana anthu osiyana kwambiri. Muli amene anachezera mpira wa pa TV kapena botolo, n'kudzidzimuka dzuwa litatuluka. Mulinso amene anadzuka tambala woyamba atangolira, anakatunga madzi pa kiyosiki mpopi usanaume, anakoleza mbaula, anaphika phala, anasambitsa ana, anawatembenuza agogo awo amene sitiroko inawagwetsa n'kuwasinthira zofunda, anaperekeza wamng'ono ku sukulu ya mkombaphala n'kupeza geti lili chitsekere, kenaka anakakhala mu minibasi ya ku Bangwe imene sinyamuka isanadzaze. Onsewa mumawalemba ndi inki imodzi, ndipo mwezi ukatha kalata ya chenjezo imene amalandira ndi yofanana mawu ndi mawu.

Mwina simudziwa kuti muli ndi mnzanu, kabuku kakang'ono kamene kamayenda m'chikwama cha mayi aliyense wa mwana wakhanda. Ndikunena kabuku ka sikelo. Nako sikamva za munthu. Kamalamula kuti mwana akabayidwe katemera akakwana masabata 6, abwererenso pa masabata 10 ndi 14, pa miyezi 9 akalandire wa chikuku, ndipo mwezi ndi mwezi akakwere sikelo. Sikelo imachitika m'mawa, pakati pa sabata, ndipo mzere wake suyang'ana kuti wina wavala yunifolomu ya kuntchito. Kabukuko kakati ndikhale kuchipatala Lachiwiri m'mawa, inunso mumati Lachiwiri lomwelo ndikhale pa geti. Ndikamvera inu, anamwino amandinena kuti ndine mayi wosasamala. Ndikamvera iko, abwana amati ndine wantchito wosasamala. Mwana akakula pang'ono, kabuku kamapuma, sukulu n'kulowa m'malo mwake: a Sitandade 1 amaweruka ife tikadali pakati pa ntchito, aphunzitsi amaitanitsa makolo pa tsiku la ntchito, ndipo tchuthi cha ana sichigwirizana ndi cha makolo awo.

Boma silinagone tulo pa nkhaniyi. Lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limapatsa mayi masabata osachepera 8 a tchuthi cha uchembere, akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo kumuchotsa ntchito chifukwa cha pakati ndi mlandu. Amayi ogwira ntchito m'boma amapatsidwa masiku 90. Mu 2021 aphungu a Nyumba ya Malamulo anawonjezerapo zina: bambo naye akhale ndi masabata awiri mwana akabadwa, ndipo mayi woyamwitsa apatsidwe mphindi 30 kawiri pa tsiku m'miyezi 6 yoyambirira ya mwanayo. Tinalandira ndi manja awiri. Koma tawerengani nokha, poti masamu mumawadziwa kuposa ine. Achipatala amatiuza kuti tiyamwitse mwakathithi kwa miyezi 6, osamupatsa mwana ngakhale dontho la madzi. Masabata 8 sakwana n'komwe miyezi iwiri yathunthu, ndipo ngati miyendo inatupa mayi n'kuyamba tchuthi asanachire, amabwerera kwa inu khanda lisanalimbe khosi. Bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO, m'pangano lake la chaka chomwecho cha 2000, linati tchuthi chotere chisachepere masabata 14. Za zaka zitatuzo sindinena zambiri. Mwana wobwera zisanakwane amapeza mayi ake alibe tchuthi choti lamulo liwaikire kumbuyo, ngati kuti analakwa ndi iye.

Nanga mphindi 30 zoyamwitsirazo, mwana ali ku Chilomoni mayi ali ku Limbe, kapena mwana ku Area 25 mayi ku City Centre, zithandiza chiyani? Zimathera pa siteji, minibasi isanabwere. Chimene amayi amapempha n'chosavuta: aziloledwa kuphatikiza mphindizo zikhale ola limodzi, kuti aweruke msanga kapena afike mochedwerapo, inu osawaika m'munsi mwa mzere. Amene ntchito yawo siyingalole zimenezo apatsidwe kachipinda koyera, kokhala ndi mpando ndi chitseko chokhomeka, koti afinyiremo mkaka, komanso kamalo mufiriji. Panopa ena amakafinyira kuchimbudzi, ena amangopirira mabere akuwawa mpaka bulauzi kunyowa, ndipo ena amagonja n'kuyamba mkaka wa m'chitini, umene mtengo wake umadya malipiro a kalaliki mwezi usanafike pakati.

Masabata awiri a abambo aja m'buku la malamulo alimo, koma pa geti pano olamula akadali manyazi. Bambo akadzaza fomu, anzake amamufunsa, "Kodi woyamwitsayo ndiwe?" Akapempha kuti athamangire ndi mwana kuchipatala, abwana amati, "Nanga mayi ake ali kuti?" Mayi akewo ali pa geti lina, awerama pa buku lina longa inu. Ine ndimaona kuti tsiku limene bwana wamkulu adzatenge masabata ake awiri poyera, aliyense akudziwa chifukwa chake, anyamata a pansi pake adzasiya kuopa kusekedwa.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kalatayi, nkhani ya kudwazika.

Aliyense amene m'bale wake anagonekedwapo m'chipatala cha boma, kaya ku Queens, ku Kamuzu Central, ku Zomba, ku Mzuzu kapena pa boma la kwawo, akudziwa kuti wodwala sagonekedwa yekha. Pamafunika gadiyani. Anamwino m'dziko muno ndi ochepa, odwala ndi ambiri, choncho womusambitsa, womudyetsa, womugwiriziza popita kuchimbudzi, wochapa zovala zake, wokaphika phala kumalo a magadiyani, woitana namwino dilipi ikatha pakati pa usiku, amakhala m'bale wake. Amagona pansi, pa chitenje, m'mbali mwa bedi kapena pakhonde. Kale gadiyani ankachokera kumudzi, kunali azakhali, kunali achemwali. Lero m'tauni muli mabanja amene akuluakulu ndi awiri okha, onse apantchito, ndipo kuti wa kumudzi abwere pamafunika thiransipoti, naye asiye munda ndi ana ake. Makolo athu nawo akudwala matenda osatha ndi sabata imodzi: BP, shuga, sitiroko, khansa. Abale akakhala pansi amagwirizana kuti wodwala apite kwa mwana amene ali pantchito, poti ndiye ali pafupi ndi chipatala chachikulu, ndiyenso ali ndi kangachepe. Kawirikawiri mwanayo amakhala wamkazi, kapena mtolowo umagwera mkazi wa mwana wamwamunayo. Ntchito imene yachititsa kuti wodwala abwere pakhomo pake ndi yomweyonso imene ikumuletsa kukhala naye pafupi.

Lamulo lija limati munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 akadwala, ali ndi masabata 4 a malipiro onse ndi masabata 8 a theka la malipiro pa chaka, bola aonetse kalata ya dokotala. Koma wodwalayo akhale iye mwini. Mwana akatentha thupi usiku, mayi ako akagwa kubafa, lamulo lili duu. Ndiye timayamba kudya masiku a tchuthi cha pachaka, amene ndi 15 kwa ogwira masiku asanu pa sabata, 18 kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi. Dzinja limodzi lokha, malungo akayendera ana awiri, masikuwo atha. Akatha, anthu amayamba kunama. Inu a Buku mwasunga mabodza ambiri osadziwa. Pena palembedwa kuti "wadwala" pamene munthuyo ali bwinobwino, wakhala pa benchi ya kuchipatala mwana ali pamiyendo. Pena palembedwa kuti "wapita kumaliro" pamene palibe amene wamwalira.

Bodza la maliro ndi limene silikanidwa, ndipo chifukwa chake chimandiwawa. Kuno kwathu maliro timawalemekeza, kuntchito komwe. Ukangoti kwagwa zovuta, palibe amene amafunsa kawiri. Makampani ambiri analemba m'malamulo awo kuti wantchito akaferedwa mkazi, mwamuna kapena mwana, kampani igula bokosi ndi kupereka galimoto. Anzake amasonkha chipepeso, abwana amafika kusiwa atavala jekete lakuda, n'kuyankhula mawu ogwira mtima m'malo mwa kampani. Umenewu ndi umunthu, usathe. Koma munthu yemweyo sabata yathayo anapempha masiku awiri kuti akakhale pafupi ndi wodwala wake, ndipo anamuyankha kuti ntchito yachuluka, mwezi ukutha, adikire kaye. Ife tikupempha kuti ena mwa masiku amene amatipatsa munthu atatisiya azitipatsa akadali moyo, pamene phala lophika ife angathe kulimwa.

Zimenezi si maloto. Anansi athu a ku Zambia, amene ambiri mwa iwo ku Chipata ndi ku Lusaka timamvana nawo chiyankhulo, anazilemba m'lamulo lawo la ntchito la 2019. Kumeneko munthu amene wakwanitsa miyezi 6 pantchito ali ndi masiku osachepera 7 pa chaka, olipidwa, odwazikira mkazi, mwamuna, mwana kapena wina amene amadalira iye, ndipo abwana ali ndi ufulu wofuna kalata ya dokotala. Pali masiku ena atatu a zokhudza chisamaliro, umoyo kapena sukulu ya a m'banja lake, ndipo tchuthi cha uchembere ndi masabata 14. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri akusaka ndalama, lamulo limapereka masiku atatu pa chaka mwana akadwala kapena pakagwa maliro. Masiku 7 sachiritsa sitiroko, zimenezo tikudziwa. Koma amakwana kuti munthu agoneke wodwala, aitane wa kumudzi, akonze zosinthana ndi abale ake, n'kubwerera kuntchito mtima uli m'malo, wosanamiza aliyense. Ndipo kampani sifunika kudikira aphungu kuti ichite zimenezi. Lamulo limangonena pocheperapo; wofuna kuwonjezera palibe womuletsa.

Ndikudziwa zimene abwana angayankhe, ndipo si zonse zopanda pake. Wina adzati walira mvula walira matope, anawo munabereka nokha. Ameneyo ndingomukumbutsa kuti palibe amene anasankha kuti mayi ake adwale, ndipo naye tsiku lina adzafuna womutembenuza pa bedi. Ena adzati ntchito iima, makamaka pa kagolosale kapena kagalaja ka anthu atatu, ndipo apa m'pomveka. Malo otere afunika kukambirana kwawokwawo. Ena adzati anthu azinamizira matenda. Ena adzanamiziradi, koma akunama kale, ndipo wodwazika weniweni savutika kuonetsa buku la kuchipatala la wodwala wake. Chimene abwana sawerengera ndi zimene amataya pa munthu amene thupi lili pa desiki, mtima uli ku wodi. Amaphonya masamu, amayankha kasitomala mwaukali, maso ali pa foni. Sawerengeranso mayi wodziwa ntchito yake amene tsiku lina amangotula pansi, kampani n'kuyamba kuphunzitsa wina kuyambira pachiyambi.

Za kugwirira ntchito kunyumba sindilimbikira kwambiri. Mu 2020, Covid-19 itavuta, maofesi ambiri anagwira mosinthana, ena anagwirira kunyumba, ndipo ntchito inayenda. Amene ntchito yake ndi ya pa kompyuta angapemphe zimenezo tsiku limene mwana wadwala, magetsi akalola. Koma mlonda sangalondere kunyumba kwake, chimodzimodzi namwino, wogulitsa pa kauntala, kapena mayi wothyola tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje amene ntchito yake imayezedwa ndi makilo. Iwowa zofuna zawo n'zina. Ndandanda ya mashifiti ituluke nthawi ikadalipo, osati Lamlungu usiku pa WhatsApp, munthu atagona kale osadziwa kuti ana awasiyira yani. Awiri akagwirizana kusinthana shifiti, kapitawo n'kudziwitsidwa, aziloledwa. Kumene mafoni amasiyidwa pa geti, pakhale nambala imene aphunzitsi angaimbe mwana akakomoka m'kalasi. A mu ofesife dandaulo lathu ndi limodzi, la misonkhano yoyamba 4:15 pamene yowerukira ndi 4:30, mwana akudikira pa geti la sukulu, wolera ana naye akufuna kukafika kwawo kusanade.

Abwana achifundo alipo, ndipo si ochepa. Ndinagwirapo ntchito ndi ena amene ankangoti, "Thamangani mayi, zinazi tiona mukabwera." Mulungu awadalitse kumene ali. Koma chifundo chotere chimasamuka limodzi ndi mwini wake akamutumiza ku nthambi ina, ndipo sichifikira onse mofanana: wodziwa kuseka ndi abwana amapita, wamanyazi amakhala. Kwa mayi wachitsikana pali choopsa china chimene timangochinong'ona. Chilolezo chopempha mogwada kwa bambo amene ntchito yako ili m'manja mwake nthawi zina chimasanduka ngongole, ndipo tsiku lina amadzaitanitsa. N'chifukwa chake tikufuna zolembedwa, zoti mesenjala ndi akawuntanti aziwerenga tsamba limodzi, munthu azidzaza fomu osati kugwira mwendo wa munthu mnzake. Gawo 5 la lamulo la 2000 lija limaletsa kusala munthu pomulemba ntchito, pomukweza kapena pomuchotsa chifukwa cha udindo umene ali nawo pabanja. Komabe pa intavyu mtsikana amafunsidwa kuti akwatiwa liti ndipo akufuna ana angati, funso limene mnyamata salimva. Ndipo mayina ooneka kawirikawiri m'munsi mwa mzere wanu ndi omwenso amadumphidwa ikafika nthawi yokweza anthu kapena yotumiza ena kumaphunziro, popanda wofunsa chimene chinkawachedwetsa.

Pali anthu ambiri amene sakudziwani n'komwe, a Buku. Kafukufuku wa za ntchito amene ofesi ya boma yoona za chiwerengero ya NSO inachita mu 2013 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse ogwira ntchito m'dziko muno, 89 ali pa ntchito zopanda dongosolo lolembedwa, monga alimi, ageni ndi aganyu. Mmodzi mwa osadziwika kwa inuwo ndi amene amachititsa kuti ena a ife tisaine pamwamba pa mzere. Ndikunena mayi kapena mtsikana wantchito ya m'nyumba, amene amafika kwathu kusanache atasiya wake mwana kwa neba, kapena m'manja mwa mwana mnzake. Tikaweruka n'kulowa pa geti la kunyumba, abwana timakhala ife. Lamulo limene limatipatsa masabata 8 limamupatsanso iye, ndipo naye m'chikwama mwake muli kabuku ka sikelo. Tsiku limene wapita ndi mwana wake kukatemera lisadulidwe pa malipiro ake. Ndaikamo mawu amenewa kuti wodzawerenga kalatayi pa geti asayese kuti ikunena anthu a maofesi apamwamba okha.

Ndamva mphekesera kuti akufuna kukupumitsani, pakhoma akhomepo makina osainira ndi chala. Ine ndidzakhala m'gulu la okusowani. Pa inu munthu amatha kulemba m'mphepete mwa tsamba, ndi tizilembo ting'onoting'ono, kuti "mwana wagonekedwa", ndipo wina wamtima wabwino amawerenga. Makina alibe polemba zotere. Amangotumiza mphindi ku kompyuta ya malipiro, kompyuta n'kudula. Zimene ndapemphazi zikapanda kulembedwa makinawo asanafike, wodwazika adzasowa ndi pofotokozera pomwe.

Choncho ndagwira mwendo wanu. Lachisanu likudzali mlonda akakunyamulani kupita nanu ku ofesi ya abwana oona za antchito, kalatayi ndaiika pakati pa masamba a sabata ino, musaigwetse panjira. Akaiwerenga atiitane ife makolo ndi odwazika, pamodzi ndi a bungwe lathu la ogwira ntchito, tikhale pansi tilembe masiku odwazikira m'malamulo a pantchito pano chaka chino chisanathe. Kuti akhale angati, tikakambirana komweko.

Ndatha ine wanu,
Mayi wa ana, wodwazikanso mayi ake